Kamera ya pamtengo ndi ngoma yokalamba ya ku krip ya kumwera

Mlamu wanga wapeza ntchito pa famu ina ya nyama cha ku Thabazimbi, nde sabata yatha anandiimbira kuti alamu, abwana andituma ndisankhe makamera folo a m'tchire, aja omangirira pamtengo, ndigule ati? Ndinamutchulira maina a makampani, Browning, Bushnell, Spypoint, Reconyx ngati ndalama ilipo, koma nditadula foni mtima sunakhale pansi, chifukwa dzina lokha silimuthandiza munthu amene mawa akaima yekha pansi pa mtengo ndi lamba m'manja. Nde ndati ndilembe zonse bwinobwino, zimuthandize iyeyo ndi ena onse akwathu amene ali m'mafamu a kuno ku Joni, poti tilipo ambiri kuposa mmene anthu amaganizira.

Ine ndakhala pa famu ya nyama kuno ku Waterberg, m'chigawo cha Limpopo, zaka 9. Kwa amene simunafikeko, kuno munthu amatha kukhala ndi ngoma zake, nswala zake, nyumbu ndi njiri, ngati mmene kwathu timakhalira ndi ng'ombe, chifukwa lamulo la 1991 lotchedwa Game Theft Act linalola kuti ukatchinga malo ako ndi mpanda wokwanira, nyama za mkatimo zikhale zako. Nyengo yozizira, cha mu Meyi mpaka Ogasiti, kumabwera alenje, ambiri ndi a konkuno ofuna nyama yofutsa imene amati biltong, ena ochokera kunja ofuna nyanga. Ntchito yanga ndi kulonda mapazi, kuyendera mpanda, kuona ngati madzi akufika m'makrip, ndipo makamera onse anandisiyira ine. Krip ndi chomwera nyama cha simenti, a kuno amatchula choncho m'chi Afrikaans ndipo ifenso tinazolowera.

Kulonda nyama sindinaphunzire kuno ayi. Ndinaphunzira kwa amalume ku Ntchisi, tikuthamangitsana ndi nguluwe zimene zinkatha chimanga ndi chinangwa kumunda. Amalume ankagwada pa phazi la nyama n'kuliyang'ana nthawi yaitali, kuona ngati m'mphepete mwake mwagumuka, ngati nyerere zadutsapo, ngati mame anagwera mkati mwake kapena nyama inaponda mame atagwa kale, kenako amaphwanya ndowe ndi chala n'kunena kuti mphwanga, iyi yadutsa usiku uno, yalowera kudambo. Sankaphonya malo. Chimene ankavutika nacho ndi nthawi. Usiku ndi wautali, ndipo "usiku uno" ikhoza kukhala 8 koloko anthu akudya nsima kapena 4 koloko atambala akulira, nde tinkagona kumunda ndi agalu masiku angapo kudikira chinthu chimene sitikudziwa kuti chibwera liti.

Kamera imabwera kudzatseka mpata umenewu basi. Malo umapeza ndi maso ako ndi miyendo yako, kamera imakuuza ola ndi nkhope ya mwini phazilo. Ukamvetsa zimenezi ngakhale kusankha kwake kumaphweka, chifukwa umasiya kufunsa kuti ndi iti ikujambula zokongola, umafunsa kuti ndi iti siphonya nyama ikadutsa, usiku, pa dzuwa la Okutobala, mabatire atagwira mwezi.

Makamera athu oyamba tinagula otchipa pa shopu ina m'tauni, pa katoni atalemba manambala akuluakulu a ma megapixel, ndipo mpaka lero zimandiwawa ndikakumbuka mwezi umene tinataya. Ndimapita kukatenga kadi yosungira zithunzi, muli zithunzi zoposa chikwi, koma ukatsegula ndi udzu wokhawokha, mwina mchira wa nyumbu pakona, mwina mwendo wakumbuyo wa chinthu chosadziwika. Pansi mapazi ali mbwee, m'kamera mulibe nyama. Nditafunsafunsa ndi pamene ndinadziwa kuti manambala a pa katoni aja nthawi zambiri ndi ofufumitsa, kachipangizo kojambulira mkatimo ndi kakang'ono ndithu, kenako kamera imangotambasula chithunzi kuti chioneke chachikulu, ngati kuthira madzi mu mkaka. Nde alamu, megapixel iwalani. Pemphani wogulitsa akuonetseni chithunzi chenicheni cha usiku cha kamera imeneyo, nyama ikuyenda osati itaima, pamenepo ndi pamene mudziwe chimene mukugula.

Chofunika kumvetsa ndi kadiso kena kali pansi pa lens, amakatcha PIR. Kamera sikhala ikuyang'ana nthawi zonse, imagona kuti isathe mabatire, chimene chimakhala maso ndi kadiso kameneka, ndipo sikaona nyama ayi, kamamva kutentha kukamasuntha kutsogolo kwake. Chinthu chofunda chikadutsa, kamadzutsa kamera, kamera n'kujambula. Nthawi yochokera podzutsidwa kufika pojambula ndi imene amati trigger speed. Makamera abwino a masiku ano amakhala cha pa 0.2 mpaka 0.5 ya sekondi, athu oyamba aja ankapitirira sekondi, ndipo nswala yoyenda mwandawala sekondi imodzi yatuluka kale mu chithunzi. Palinso nthawi imene kamera imapuma isanajambule kachiwiri, amati recovery time, anthu ambiri saifunsa koma ndi yofunika kwambiri kwa ife, chifukwa ngoma zikamabwera kumadzi zimatsogoza zazikazi ndi ana, chimphongo chimabwera pambuyo chikuima-ima, nde ngati kamera yajambula yaikazi yoyamba n'kupuma theka la miniti, amene umamufunayo wadutsa kamera ili m'tulo.

Kadiso ka PIR kali ndi khalidwe lake. Kamamva bwino nyama yodutsa chopingasa kusiyana ndi yobwera molunjika, nde pa njira ya nyama musamange kamera moyang'anizana ndi njira mwachindunji, komanso musaipingase kwenikweni, ipendekeni pakatikati kuti nyama ikhale nthawi yaitali kutsogolo kwake. Ndipo poti kamamva kusiyana kwa kutentha, kuno kotentha kamasokonezeka. Thupi la nyama limafunda cha m'ma 38 digiri, nde mu Okutobala ndi Novembala masana mpweya ndi miyala zikafika pomwepo, nyama ndi tchire zimafanana m'maso mwa kadisoko, njiri imabwera kumwa 1 koloko masana kamera osadziwa kanthu. Makamera ambiri amapangidwira alenje a agwape a ku America amene amasaka kukuzizira, nde vuto ili pa katoni salemba. Ine pa krip nyengo yotentha ndimakweza sensitivity, kuti kadisoko kazimva ngakhale kusiyana kochepa, ndiponso ndimayatsa time-lapse, kuti izijambula yokha pakapita mphindi zingapo kaya kuli nyama kaya kulibe. Kamera yopanda time-lapse sindingagule.

Udzu wokhawokha uja unali mbali ina kulakwa kwa kamangidwe. Udzu wautali ukatenthedwa ndi dzuwa n'kumagwedezeka ndi mphepo, kadiso kamayesa nyama. Umayenera kusenga kutsogolo kwa kamera mamita angapo, kuthyola tinthambi tolendewera, ndi kupewa kuloza kum'mawa kapena kumadzulo chifukwa dzuwa lotuluka ndi lolowa limawalira mu lens. Mavidiyo a pa YouTube a azungu a ku America amati lozani kumpoto, zoona kwa iwowo, koma ife tili kumwera kwa equator, dzuwa la nyengo yozizira limayenda chakumpoto kwathu, nde ife tiziloza kumwera. Ndinaona mnyamata wina pa famu yoyandikana atamanga makamera onse kuloza kumpoto potsatira vidiyo, zithunzi zake za masana zonse zili mbee.

Tsopano nkhani ya usiku, ndipo apa ndikhalitsapo chifukwa ndi pamene ndinaphunzira zambiri. Makamera amaunika usiku m'njira zitatu. Ilipo ya flash yoyera, imatulutsa zithunzi za mitundu ngakhale usiku, akatswiri owerenga akambuku amaikonda chifukwa mawanga amaoneka bwino, koma imaphethira ngati mphezi. Ilipo ya infrared, kuwala kumene maso a munthu sakuona kwenikweni, imene amati low-glow, ya 850 nm, ukaiyang'ana usiku umaona timagetsi tofiira ngati makala, imaunika patali ndipo zithunzi zimawala. Ndiye pali no-glow, ya 940 nm, sioneka ndi maso a munthu, koma kuwala kwake sikufika patali ndipo nyama ikamayenda chithunzi chimatha kupakika.

Chaka china mu Juni ndinayamba kuona phazi lalikulu la ngoma pa krip ya kumwera, kumene kumayambira phiri la miyala. Chiboda chakutsogolo chakumanzere chinali chotha mbali imodzi, ndipo linkabwera lokha, silinkasakanikirana ndi mapazi a gulu. Ngoma yamphongo yoyenda yokha nyengo yokwerana itatha, ziboda zotha choncho, ndinadziwa kuti ndi nkhalamba. Abwana anali ndi mlenje wina wachikulire wobwera mu Julayi amene ananeneratu kuti safuna nyanga zazitali, akufuna ngoma imene yatha ntchito yake. Ndinamanga kamera ya low-glow pa mtengo wa mamita ngati 8 kuchokera pa krip, m'chiuno mwanga kutalika kwake. Usiku woyamba inamugwira, 04:37 m'bandakucha, khosi lonenepa, nyanga zopota kawiri ndi theka, nsonga zoyera zoloza kunja, ina yothyoka pang'ono. Ngoma imafikitsa kupota kumeneku ikakwana zaka ngati 6, koma iyi inaoneka kuti inapitirira kalekale. Chithunzi chachiwiri cha usiku womwewo inali itadzutsa mutu, ikuyang'ana kamera maso ali gwa. Usiku wachiwiri inabwera n'kuima kutali. Wachitatu sinabwere, ndipo phazi lake ndinakalipeza pa dziwe lina la matope kuseri kwa phiri.

Sindikunena kuti nyama iliyonse imathawa kuwala kofiira, nswala ndi nyumbu zathu sizisamala n'komwe, zimamwa kamera ikuthwanima. Koma nkhalamba imene yapulumuka nyengo zambiri za alenje imaona chilichonse chatsopano. Ndinachotsa kamera ija, ndinasiya malowo sabata yathunthu osapondako, kenako ndinakamanga ya no-glow chapamwamba kuposa mutu wanga, nditaiweramitsa ndi kamtengo kumbuyo kwake. Patapita masiku anayi inabwerera. 04:20, 04:45, 04:30, tsiku lina 05:02. Zithunzi zinali zakuda pang'ono, koma nyanga yothyoka ija imaoneka, ndipo zinandikwanira.

Pa famu pathu sitiombera ndi mfuti pa krip ndiponso sitisaka usiku, nde kudziwa ola lomwera madzi kunali theka chabe la ntchito. Ndinabwerera ku njira ya amalume, kulonda phazi kuchokera pa krip kukwera m'miyala, pomwe phazi silioneka umayang'ana timiyala totembenuka ndi masamba obudulidwa m'mwamba, mpaka ndinapeza kampata pakati pa matanthwe awiri kumene imadutsa popita kokagona. Pamenepo ndinamanga kamera yachiwiri. Inkadutsa cha m'ma 06:40, kutayamba kuyera. Mlenje uja atabwera tinazungulira phiri kusanache kuti mphepo itiwombe kumaso, tinakhala kuseri kwa thanthwe tikunjenjemera ndi chisanu, ndipo tsiku lachiwiri inatulukira pakampata paja. Anaombera kamodzi. Titaitsegula kukamwa mano anali atatha mpaka m'nkhama, ndipo bamboyo anavula chipewa n'kukhala chete kwa kanthawi, ineyo ndinamulemekeza pa chimenechi.

Chimene anthu sachitchula n'chakuti kamera yomweyo inationetsanso ngoma ina yamphongo ya nyanga zazitali kuposa ija, yaing'ono pa zaka, yodutsa kampata komweko masiku ena. Popanda zithunzi, m'chisisira cha m'mawa, munthu mtima ukugunda, tikanaombera imeneyo. Inatsala, ndipo ana ake ndikuwaona.

Mabatire musaumire. Makamera ambiri amadya ma AA 6 kapena 8, ena 12. Ma alkaline wamba amafooka pang'onopang'ono, masana kamera imaoneka ngati ili bwino koma usiku magetsi a infrared akafuna mphamvu zithunzi zimada, ndipo akakhalitsa amatha kutsanulira madzi ake mkati n'kuononga kamera. A lithium ndi odula koma amagwira miyezi ndipo samva chisanu cha kuno cha mu Julayi. Otchaja a NiMH ndi a 1.2 volti pomwe enawa ndi 1.5, makamera ena amawalandira, ena amayesa kuti atha, nde werengani kabuku musanagule tchaja. Osasakaniza akale ndi atsopano. Ndipo mukasintha mabatire onani tsiku ndi nthawi pa kamera, chifukwa ikabwerera pa 00:00 ya chaka china chake ndiye kuti chinthu chimene munaigulira chija, ola, chatayika. Ma SD card gulani awiri pa kamera iliyonse, a class 10, ambiri mwa makamera akale sapitirira 32 GB, muzingosinthanitsa, ndipo kadi muziifomata m'kamera momwemo osati pa laputopu.

Adani a kamera kuno ndi anayi. Fisi amaitafuna, amakopeka ndi fungo la manja ako ndi la pulasitiki, ndinapezapo imodzi itaphwanyidwa ngati fupa. Anyani amaitembenuza, amatsegula chitseko, ndipo ngati waika ka solar amazula waya. Nyerere zimamanga chisa mkati polowera pa kabowo ka pansi, ine ndimatseka ndi ka rabala. Wachinayi ndi munthu. Nde pa mtengo wa kamera muwerengeretu kabokosi kachitsulo ndi loko ya chingwe, ndipo funsani ngati kabokosi ka mtundu umenewo kakupezeka, chifukwa kamera iliyonse ili ndi kake. Reconyx ndi yolimba zedi, akafukufuku ambiri amaidalira, koma mtengo wa imodzi ungagule zingapo za pakatikati, nde kwa famu yaing'ono ine ndimati bola makamera folo a pakatikati omangidwa pa malo oyenera kusiyana ndi imodzi yapamwamba. Komanso musamapiteko pafupipafupi. Mtima umafuna kukaona tsiku lililonse, koma fungo lako limatsala pa udzu, ine ndimapita kamodzi pa sabata kapena awiri, masana, pa bakkie, galimoto ya pikapu imene nyama zinaizolowera ikamabweretsa mchere.

Za makamera a SIM card, otumiza chithunzi pa foni nthawi yomweyo, mlamu anafunsanso. Choyamba samalani ndi ogula pa intaneti kuchokera ku America, ambiri amakhala omangidwira ku netiweki za kumeneko, kuno sagwira pa Vodacom kapena MTN. Chachiwiri, m'zigwa za m'mapiri netiweki imavuta, ndipo kamera ikamasakasaka netiweki imatha mabatire msanga. Chachitatu ndi maganizo anga chabe, koma ndimawanena poyera ngakhale kwa abwana: pa ulenje sindimawafuna. Kudziwa kuti nyama imakonda kudutsa pakuti cha m'ma 6 ndi chinthu china, umadzukabe, umawerenga mphepo, nyama ili ndi mwayi wosintha njira. Koma foni kulira kuti ngoma ili pa krip panopa, munthu n'kusiya khofi kukwera galimoto, ine pamenepo sindionapo ulenje. Si ine ndekha woganiza choncho, boma la Arizona ku America linaletsa makamera onse a m'tchire pa ntchito yosaka kuyambira pa 1 Januwale 2022, ndipo nkhani inakula chifukwa cha malo omwera nyama m'dziko louma lija, pomwe pamapezeka makamera ambirimbiri pa dziwe limodzi, anthu akupitapita kukawaona, nyama osamwa mwamtendere.

Pomwe makamera a SIM amathandiza ndi pa geti, pa mpanda, ndi pa nkhani ya misampha. Tinadziwa kuti pa famu palowa otchera mawaya chifukwa cha chithunzi cha nyumbu yaikazi itabwera kumadzi ndi waya m'khosi, chilonda chikuoneka ngakhale pa chithunzi chakuda. Tinasesa mbali imeneyo masiku awiri n'kuchotsa misampha yambiri ndithu, ina ili ndi mafupa kale. Msampha wa waya susankha, umagwira yabere, umagwira kambuku, umagwira fisi, ndipo nyama imafa masiku angapo ikuvutika. Pa geti gulani ya no-glow basi, yofiira ija munthu amaiona n'kuitenga.

Mnzanga wina wa ku Nkhotakota anandifunsa ngati ndingamubweretsere imodzi yoti aziona chimene chikumudyera chinangwa. Ndinamuuza kuti inde, amange pansi, cha m'bondo, poti nguluwe ndi nungu ndi zazifupi, aike pa vidiyo ya masekondi 10 kuti aone polowera ndi potulukira. Koma ndinamukumbutsanso kuti kwathu si kuno, nyama za m'tchire si za mwini munda, kusaka kumafuna chilolezo cha a Parks, nthambi ya boma yoona za nyama za m'tchire, m'nkhalango yotetezedwa n'koletsedwa, ndipo chisinthireni lamulo mu 2017 milandu ina ya nyama imafika zaka 30 kundende. Zithunzi zake apite nazo kwa a Parks akaone okha chimene chikuononga.

Mu Disembala wa chaka cha ngoma ija ndinapita kumudzi, ndinawapeza amalume maso atayamba kuchita khungu koma akuonabe chapafupi. Ndinawaonetsa pa foni chithunzi cha 04:37 chija, ndinawauzanso kuti anthu anayamba kalekale zimenezi, mzungu wina George Shiras ankatchera chingwe m'nkhalango za ku Michigan m'ma 1890 kuti gwape akachikhudza adzijambule yekha. Amalume anati ameneyo anatchera khwekhwe losagwira mwendo. Kenako anandilanda foni, anaiyandikiza kumaso, n'kuyamba kutsata nyanga ndi chala kuwerenga mapotedwe, anafika pa nsonga yothyoka n'kuima. Anandifunsa kuti phazi lake lakumanzere linali lotha mbali iti, ndinati yakunja, anagwedeza mutu n'kunena kuti ndiwaonetse chinanso, cha pakampata paja.